Mchimwene wanga wapezeka ndi hepatitis B koma sanamupatse mankhwala

NaBanda wa ku Mufakose: Abale a ku Malawi okhala muno mu Harare, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Mchimwene wanga wamng'ono, wa zaka 29, anakapereka magazi pamodzi ndi anzake a kutchalitchi. Kenako anamuitana n'kumuuza kuti magazi akewo sangathandize munthu chifukwa apezamo hepatitis B, akuti ndi kachilombo kogwira chiwindi. Kuchipatala amupimanso, akuti ndi zoona, koma mankhwala sanamupatse. Angomuuza kuti abwerenso ikatha miyezi 6. Munthuyo ndi wojintcha, amagwira ntchito ya zomangamanga, palibe pomwe akumva kupweteka. Amayi kumudzi ku Dedza akuti timukweze basi akaonane ndi munthu wa zitsamba. Kodi matendawa alibe mankhwala? Tingodikira maliro basi?

Mai a Tadala, Glen View: Pepani achemwali. Musataye mtima, muno muli anamwino, ayankha.

Yamikani wa kombi: Hepatitis ndiye chikasu chija eti? Maso ake achita yelo?

NaBanda wa ku Mufakose: Ayi achimwene, maso ali mbee. N'chifukwa chake iyeyo sakukhulupirira n'komwe.

Namwino wa ku Highfield: NaBanda, khazikani mtima pansi. Choyamba, a National Blood Service, bungwe lotolera magazi muno mu Zimbabwe, amapima magazi onse operekedwa kuti aone HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko, ndiye ambiri amadziwira komweko, ali bwinobwino ngati mchimwene wanuyo. Miyezi 6 anenayo ili ndi chifukwa. Munthu wamkulu akatenga kachilomboka kumene, nthawi zambiri thupi limakachotsa lokha, ndipo osafika 5 mwa anthu 100 ndi amene kamakhazikika. Koma khanda likatenga pobadwa, pafupifupi 9 mwa 10 kamakhala nawo moyo wonse. Ndiye akamupimanso n'kupeza kakadalipo, adziwa kuti ndi kokhazikika. Kwathu kuno ambiri anatenga ali ana, kwa amayi awo kapena kwa ana anzawo kudzera m'zilonda, malezala ndi mphini. Ku Malawi katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana mu 2002, ndiye wa zaka 29 anabadwa katemerayo asanafike.

Mankhwala alipo. Ndi tenofovir, piritsi limodzi patsiku, kapena entecavir. Sachotseratu kachilomboka, amangokagoneka kuti kasawononge chiwindi, ndipo ambiri amamwa moyo wonse. Koma si aliyense amayamba tsiku lomwelo, amayamba aona kaye kuti chiwindicho chili bwanji. Funso langa ndi ili: anamupima chiyani kupatula kungoti kachilombo kalipo? Pa pepala lakelo pali polembedwa ALT ndi AST, zomwe zimakwera m'magazi chiwindi chikamavulala, ndi platelets, tizigawo tothandiza magazi kuundana?

NaBanda wa ku Mufakose: Ndaona pepala, pangolembedwa HBsAg positive. Palibe china.

Namwino wa ku Highfield: Zimenezo zikungotanthauza kuti kachilombo kalipo. Ndiye asadikire miyezi 6 manja lende. Abwerere akapemphe kuti amupime zimenezo, komanso HIV ndi impso. HIV ndi yofunika chifukwa tenofovir yemweyo ali m'ma ARV, ndipo munthu amene ali ndi HIV osadziwa akamamwa tenofovir yekha, HIV imazolowera mankhwala. Za zitsambazo, ndi ulemu wonse kwa amayi, chonde ayi. Chilichonse chomwe timamwa chimadutsa m'chiwindi. Ndaonapo anthu obwera atatupa mimba, maso ali chikasu, atamwa mabotolo osadziwika zomwe zili m'katimo. Mowa nawonso asiyiretu.

aPhiri a ku Mbare: Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndafika muno mu Harare mukadali Salisbury, ndipo matenda awa sitinkawamva. Lero munthu wamphamvu zake, wosenza matumba a simenti, akuuzidwa kuti ndi wodwala chifukwa makina atero. Mawa amuuza kuti alowe m'kafukufuku, azimupopa magazi mwezi ndi mwezi. Magaziwo amapita kuti? Amene amapindula ndani?

Mai a Tadala, Glen View: Kkkk bambo Phiri mwayamba za anamapopa

aPhiri a ku Mbare: Sindikuseka mai. Ndikufunsa.

Chikondi wa mu labu: Bambo, funso lanu ndi loyenera, ndipo ndiyankha monga munthu amene amagwira magaziwo tsiku ndi tsiku. Koma ndiyambe ndi zoti kale matendawa kunalibe. Analipo. Kodi simunaikepo m'manda bambo wa zaka 40 amene anangotupa mimba, miyendo n'kuonda, anthu n'kumati amudyetsa kuntchito? Ambiri a iwowo chinali chiwindi. Chimadwala ngati mtengo wa denga wodyedwa ndi chiswe, kunja kuli bwinobwino mpaka tsiku logwa. Kachilomboka anakatulukira ndi dokotala wa ku America Baruch Blumberg cha m'ma 1965, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse anali nako, 65 miliyoni mwa iwo muno mu Africa.

Tsopano za phindu. Pali kawerengedwe kotchedwa APRI. Timatenga AST ndi platelets, zomwe labu wamba iliyonse imatha kupima, n'kuwerengera kuti tione ngati chiwindi chayamba kuuma ndi zipsera. Malangizo a WHO a 2015 ankati APRI ikapitirira 2 ndiye kuti chiwindi chauma, munthu ayambe mankhwala. Koma malire amenewo sanachokere pa anthu athu. Madokotala a m'maiko 8 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, anasonkhanitsa zotsatira za odwala oposa 3,500 m'gulu lotchedwa HEPSANET, n'kuziyerekeza ndi makina a FibroScan omwe amayeza kuuma kwa chiwindi. Anapeza kuti malire a 2 aja ankagwira osafika munthu mmodzi mwa 5 amene chiwindi chawo chinali chitauma kale. Enawo ankauzidwa kuti pitani kunyumba muli bwino. Mu Malichi 2024 WHO inatulutsa malangizo atsopano, malire n'kutsika kufika pa 0.5. Magazi a anthu a ku Blantyre ndi Lusaka anathandiza kuti zimenezo zioneke. Akanakana onse, bwenzi tikupimidwabe ndi muyezo wa eni ake.

Namwino wa ku Highfield: Chikondi wanena zenizeni. Ndionjezere kuti m'malangizo atsopanowo munthu amayambanso mankhwala ngati viral load, ndiye kuti kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, yapitirira 2,000 ndipo ALT yakwera, kapena ali ndi HIV, kapena m'banja mwawo wina anadwalapo khansa ya chiwindi kapena kuuma kwa chiwindi. Komwe makina a viral load kulibe, ALT ikamapezeka yokwera mobwerezabwereza ndi yokwanira. Kale oyenera mankhwala anali pakati pa 8 ndi 15 mwa anthu 100 amene ali ndi kachilomboka, pano ndi theka kapena kuposa. Vuto ndi loti pepala likasintha ku Geneva, kulikulu la WHO, si tsiku lomwelo limafika pa tebulo la kiliniki ya kwanu. N'chifukwa chake ndikuti akafunse yekha.

NaBanda wa ku Mufakose: Mwandikumbutsa. Amalume athu, alongo awo a amayi, anamwalira atatupa mimba chomwecho. Kuchipatala anati chotupa cha pachiwindi.

Namwino wa ku Highfield: Zimenezo akanene kwa dokotala, asaiwale, chifukwa zikhoza kusintha chiganizo chonse. Ndipo inuyo NaBanda mukapimitse, abale anu onse a bere limodzi, amayi kumudzi, mkazi wake ndi ana ngati ali nawo. Amene alibe abayitse katemera.

Mai a Tadala, Glen View: Nanga mbale ndi makapu? Azidya payekha?

Namwino wa ku Highfield: Ayi mai, adye nawo nsima mbale imodzi. Kamayenda m'magazi, pogonana ndi pobereka. Asabwerekane lezala, mswachi ndi makina ometera osatsuka. Kwa oyembekezera, pemphani ku sikelo akupimeni. Mayi amene ali ndi kachilombo kochuluka amapatsidwa tenofovir ali ndi pakati, ndipo mwana amayenera kulandira katemera pasanathe maola 24 atabadwa, kenako uja wa masabata 6, 10 ndi 14. Ku Taiwan anayamba kubaya makanda mu 1984 ndipo khansa ya chiwindi mwa ana inatsika zooneka ndi maso. Chenjezo linanso kwa amene ali pa ma ARV a TLD, omwe muli tenofovir: ngati muli ndi hepatitis B, mapiritsi omwewo akukutetezani kuwiri. Mukangowasiya, chiwindi chikhoza kuyaka moto.

aPhiri a ku Mbare: Mwana wanga Chikondi, wayankha za phindu. Sunayankhe za amene amalondera ofufuzawo. Mlonda wa mlonda ndani?

Chikondi wa mu labu: Muno kafukufuku wa pa anthu sayamba popanda chilolezo cha Medical Research Council of Zimbabwe, ndipo ngati pali mankhwala oyesedwa a MCAZ, oyang'anira mankhwala muno, nawonso amayenera kuvomereza. Kumudzi ku Malawi ntchito imeneyi amagwira ndi makomiti a NHSRC ndi COMREC. Munthu amayenera kufotokozeredwa m'chilankhulo chomwe amamva, kusaina yekha, kupatsidwa pepala lake, ndipo akhoza kutuluka tsiku lililonse osalandidwa chithandizo. Pa pepalapo pamalembedwa ngati magazi adzasungidwe kapena kutumizidwa kunja. Wina akakukakamizani kusaina musanamve, kapena akakukopani ndi ndalama zambiri, dzukani muzipita. Sindinena kuti mbiri ya kafukufuku ndi yoyera, bambo. Malamulowa anabwera chifukwa anthu anachitidwapo nkhanza.

Koma chomwe chimandipatsa chikhulupiriro ine ndi kafukufuku amene amatulutsa yankho lomwe eni ake sankalifuna. A bungwe la kafukufuku la Zvitambo, omwe ali konkuno ku Harare, anachita wotchedwa SHINE ku Chirumanzu ndi Shurugwi, ndi amayi oyembekezera oposa 5,000. Ganizo linali loti ana amapinimbira chifukwa matumbo awo amakhala otupa ndi tizilombo ta m'dothi ndi zitosi za nkhuku, moti chakudya sichilowa bwino m'thupi. Ndiye mabanja ena anawamangira zimbudzi zokumba za Blair zokhala ndi paipi yotulutsa mpweya, kuwapatsa posambira m'manja, mankhwala othira m'madzi ndi malo oyera osewerera mwana. Ena anapatsidwa chakudya choonjezera cha mwana. Zotsatira zitatuluka, chakudya chinathandiza pang'ono, koma zimbudzi ndi zosamba m'manja zija sizinasinthe msinkhu wa ana. Ndalama zonsezo! Koma analemba momwemo, osabisa.

Mai a Tadala, Glen View: Ndiye tisiye kusamba m'manja? Ife a ku Glen View kolera ya 2018 sitinaiiwale.

Chikondi wa mu labu: Ayi mai, musandiphetse kkkk. Tanthauzo lake ndi loti chimbudzi chimodzi pakhomo sichikwanira pamene mudzi wonse ndi madzi ake zili zakuda. Inu a ku Glen View ndi Budiriro mukudziwa bwino kuti mapaipi a zonyansa akaphulika pafupi ndi chitsime, sopo wa m'nyumba mwanu yekha sangakupulumutseni. Paja mu 2019 ana a m'madera amenewo anabayidwa katemera watsopano wa tayifodi. Katemera yemweyo ankayesedwa ku Ndirande ndi Zingwangwa pa ana oposa 28,000, ndipo anapezeka kuti amateteza pafupifupi 8 mwa 10.

Mai a Tadala, Glen View: Tadala anabayidwa ameneyo kusukulu. Sindinkadziwa kuti ana a ku Ndirande ali m'nkhaniyi.

Amalume a ku Epworth: Ine ndingoponyapo mwala umodzi, aPhiri asakwiye poti amagulitsa mtedza pa musika. Ndinamva kuti mtedza woola umawononga chiwindi. Zoona?

aPhiri a ku Mbare: Mtedza wanga ndi wouma, amwene. Musandithamangitsire makasitomala.

Namwino wa ku Highfield: Wanu wouma ndiye wabwino bambo. Koma nkhaniyo ndi yoona. Chuku china chomera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Anamudziwa mu 1960 nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa ndi chimanga chotere. Akamalowa pang'onopang'ono zaka zambiri amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo kwa munthu amene ali kale ndi hepatitis B ngoziyo imachulukirachulukira. Kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Chomwe chimandipweteka ine ndi ichi: mtedza wabwino timagulitsa, wonyala ndi wowawa uja timasinja nsinjiro kapena chiponde cha ana athu.

Amalume a ku Epworth: Ndiponso kwathu ena amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, ena kuti ulemere pa sikelo.

aPhiri a ku Mbare: Amenewo ndi akuba, si amalonda. Ine ndimaluma kaye ndisanagule thumba. Ukapanda kulira kuti khwa, ndimabweza. Koma zosankha wonyala n'kutaya, mayi a kunyumba sangavomere, amati ndi ndiwo.

Namwino wa ku Highfield: Akambireni bwino. Kusankha ndi manja kokhako kumachotsa poizoni wambiri, poti amaunjikana mu njere zochepa zoonongekazo.

Yamikani wa kombi: Poti anamwino muli pompano, ndiloleni ndikwere nawo. Ine zilonda za m'mimba zandizunza zaka. Omeprazole ndimagula pa msewu, ndikamwa zimaleka, ndikasiya zimabwerera. Anthu amati ndi maganizo ndi kudya mochedwa, poti ntchito yathuyi nkhomaliro timadya madzulo.

Chikondi wa mu labu: Achimwene, madokotala a dziko lonse ankanenanso zomwezo, maganizo ndi asidi, mpaka awiri a ku Perth ku Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall, anapeza bakiteriya wokhala m'chifu wotchedwa Helicobacter pylori. Anzawo anawaseka, amvekere palibe chamoyo chingakhale mu asidi. Mu 1984 Marshall anamwa dala mabakiteriyawo, nadwala, kuti awatsimikizire. Mu 2005 analandira mphoto ya Nobel. Ndiye omeprazole yekha amangochepetsa asidi, bakiteriya ali phee. Mankhwala ake ndi omeprazole pamodzi ndi maantibayotiki awiri kapena kuposa, masiku 14, olembedwa ndi dokotala. Kupima kwabwino ndi kwa chimbudzi kapena kwa mpweya. Kwa magazi kumangosonyeza kuti munakumanapo naye, sikunena ngati akadalipo. Ndipo musanapimitse siyani omeprazole masabata 2 ndi maantibayotiki masabata 4, apo ayi zotsatira zinama kuti mulibe.

Namwino wa ku Highfield: Ndipo a Yamikani, ndikudziwa madalaivala, msana ukawawa mumameza ibuprofen kapena diclofenac m'mimba mulibe kanthu. Amenewo amaboola chifu paokha. Panado ndi wofatsa pa chifu, bola osapyola muyezo poti akachuluka amapweteka chiwindi.

Yamikani wa kombi: Mwandigwira. Ali mu dashibodi.

Namwino wa ku Highfield: Pali zizindikiro zomwe sitidikira nazo: chimbudzi chakuda bii ngati phula la pamsewu, kusanza magazi, kuonda popanda chifukwa, kapena chakudya kutsamwa pakhosi. Apo pamafunika endoscopy, kapaipi ka kamera kolowetsa kukamwa. Zipatala zazikulu ngati Parirenyatwa ndiko amatumiza anthu otere.

Agogo NaNkhoma, Dzivarasekwa: Zotsamwazo zandikhudza ana anga. Mdzukulu wanga ndi amene akundilembera. Achimwene anga ku Ntcheu anayamba kukanika nsima, kenako phala, pomaliza ngakhale madzi. Anthu anati wina anawatchera. Miyezi ingapo basi tinaika.

Namwino wa ku Highfield: Pepani agogo. Zimenezo zikumveka ngati khansa ya kummero. Malawi ali m'gulu la maiko omwe khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo mzere wake ukuyambira ku Ethiopia, kudutsa Kenya ndi Tanzania mpaka kummwera kuno. Chifukwa chenicheni akuchifufuzabe. Kafukufuku wa ESCCAPE, wa bungwe lofufuza za khansa la IARC, anafunsa odwala ndi anthu abwinobwino ku Kenya, Tanzania ndi Malawi, ndipo zina zomwe zinaonekera ndi mowa waukali monga kachasu, fodya, ndi kumwa zinthu zotentha kwambiri. Utsi wa nkhuni ndi mano osasamalidwa akuzikayikiranso. IARC yomweyo inanena mu 2016 kuti chakumwa chotentha kupyola madigiri 65 chikuoneka kuti chimayambitsa khansa imeneyi. Choipa chake, munthu akamayamba kutsamwa nsima chotupa chimakhala chitakula kale. Apo madokotala amatha kuika kapaipi ka waya kotsegula njira kuti munthu azimeza, koma ndi kongothandiza, si kochiza. Ndiye tsiku loyamba lomwe nsima yaima pachifuwa, ndi la kuchipatala.

Amalume a ku Epworth: Tiyi wozizira ndi tiyi ameneyo? Mu Juni muno mu Harare?

Chikondi wa mu labu: Amalume, palibe wanena kuti wozizira. Mungomudikira pang'ono. Ngati mukuchita kupemerera ndi kufyontha kuti alowe, watentha kwambiri.

aPhiri a ku Mbare: Mtedza mwaletsa, tiyi mwaletsa, kachasu mwaletsa. Tidzafa ndi njala tili ndi chiwindi chokongola.

Mai a Tadala, Glen View: Kkkkkk bambo inu

Msodzi wakale, Norton: Moni nonse, ndachedwa. Pa za kusanza magazi, si zilonda zokha. Ine ndinakulira m'madzi, ndagwira nsomba ku Kariba ndi ku Chivero. Ndinasanza magazi odzaza beseni, osamwa mowa n'komwe. Sikani inaonetsa kuti ndi likodzo, koma la m'matumbo, losakodzetsa magazi lija. Akuti mazira ake amakatsakamira m'chiwindi, magazi n'kusowa podutsa, mitsempha ya kummero n'kutupa mpaka kuphulika. Anandimanga mitsemphayo ndi timphira kudzera pa kamera ija, anandipatsa praziquantel, ndipo propranolol, wochepetsa mphamvu ya magazi m'mitsemphayo, ndimamwa mpaka lero. Anzanga a m'madzi, musadikire beseni.

Namwino wa ku Highfield: Zikomo bambo, mwafotokoza kuposa ine. Praziquantel amapha nyongolotsi koma zipsera zakalekale sizichoka msanga, ndiye kumwa msanga ndiye nkhani.

Mai a Tadala, Glen View: Nanga hepatitis C ndi yomweyo? Ndinamva kuti iyo imachira.

Chikondi wa mu labu: Ndi kachilombo kena. Iyo ilibe katemera koma imachira, oposa 95 mwa 100, ndi mapiritsi a masabata 12 monga sofosbuvir ndi daclatasvir. Egypt, komwe inali yochuluka koopsa, anapima anthu mamiliyoni makumi angapo kuyambira 2018 n'kuchiza opezeka nayo, ndipo mu 2023 WHO inawavomereza kuti ali patsogolo pa maiko onse pa njira yoithetsa. Kwathu kuno yovuta kwambiri ndi B, ndipo mankhwala oichotseratu akuyesedwabe.

aPhiri a ku Mbare: Akuyesedwa pa ndani?

Chikondi wa mu labu: Ambiri ku Asia, ku Ulaya ndi ku America, bambo. Ndipo pamenepo ndi pomwe ine ndimadandaula, mosiyana ndi inu. Mitundu ya kachilombo yomwe ili ku China ndi B ndi C, pamene kuno kummwera wofala ndi A, ndipo kumadzulo kwa Africa ndi E. Mankhwala akadzatuluka osayesedwa pa ife, tidzabwereranso ku nkhani ya APRI ija.

aPhiri a ku Mbare: Hmm. Pepala losainalo ndikufuna ndidzalione ndi maso anga, lonse, osati tsamba lomaliza lokha. Ndipo likhale m'Chichewa kapena m'Chishona.

Chikondi wa mu labu: Ndi ufulu wanu umenewo. Mukadzaitanidwa mudzanditumizire, tidzawerenge limodzi.

Yamikani wa kombi: Anamwino, kupima kwa chimbudzi kuja, ndipite m'mawa osadya kapena nthawi iliyonse? Ndipo masabata 2 opanda omeprazole ndipirira bwanji ndili pa mzere wa magalimoto?

Namwino wa ku Highfield: Cha chimbudzi nthawi iliyonse, kusala kudya ndi kwa mpweya kuja. Masabata awiriwo mukhoza kumwa maantasidi wamba otafuna aja kutentha kukavuta, sasokoneza zotsatira. Koma ibuprofen achoke mu dashibodi lero. Ndikulowa ntchito ya usiku tsopano, mafunso ena ndiyankha mawa masana.